ZA LAMULO LOSIYANA PA CIPATA NDI CIPATA

Munthu ali yense wofuna kukwera ndege ayamba wadzera pa cipata ca alonda, kumene aunikidwa iye mwini pamodzi ndi katundu wace wa m'manja, ndiye katundu uja akhala naye pa mpando, wosiyana ndi masutikesi akuru amene aikidwa kunsi kwa ndege. Pa cipata cimeneco pali malamulo onena zimene munthu aloledwa kulowa nazo ndi zimene ayenera kusiya. Tsono cimene cirikudandaulitsa aulendo zaka zino ndi ici, cakuti malamulowo safanana. Botolo limene mlonda wa pa bwalo lina la ndege alilola m'mawa, mlonda wa pa bwalo lina alilanda madzulo a tsiku lomwelo, naliponya ku zinyalala, mwini wace alikupenya.

Ambiri a ife sitiyenda pa ndege, ndipo kapena wina adzati, Nkhani iyi indikhudza bwanji ine? Koma funso liri pansi pace ndi lathu tonse, pakuti tonse tikhala pansi pa malamulo, ndipo ambiri a ife tiikira ena malamulo kunyumba, kusukulu ndi kumudzi. Funsolo ndi ili: Kodi lamulo losiyana pa cipata ndi cipata tiyenera kulimvera? Ndipo munthu akalakwira lamulo lotere, mlandu uli pa yani?

Tiyambe ndi kumene lamulolo linacokera. M'mwezi wa Ogasiti caka ca 2006 apolisi a ku Britain anagwira anthu oposa 20 powaganizira ciwembu coopsa. Ciwembuco cinali cakuti athire mankhwala amadzi ophulika m'mabotolo a zakumwa, kuti aoneke monga zakumwa wamba, ndi kulowa nao m'ndege zocoka pa bwalo la Heathrow ku London kunka ku America ndi ku Canada, ndi kuziphulitsa ziri m'mlengalenga. M'caka ca 2009 bwalo la milandu linapeza atatu a iwo olakwa pa ciwembu ca kuphulitsa ndege, niliwalamula kukhala m'ndende moyo wao wonse. Ndipo aka sikanali koyamba kuti madzi agwiritsidwe nchito yotere. Pakuti m'Disembala 1994 munthu wina anabisa mankhwala ophulika m'kabotolo kakang'ono m'ndege ya ku Philippines, ndipo bombalo linapha waulendo mmodzi. Cotero tisayambe ndi kuseka. Lamulo ili linabadwa ndi mantha oona, ndi cifuno cabwino ca kusunga miyoyo ya anthu.

Masiku oyamba atagwidwa anthu aja, ku Britain analetsa pafupifupi katundu yense wa m'manja, ndipo kholo lokhala ndi khanda analiuza kuti lilawe mkaka wa mwanayo pamaso pa alonda. Pambuyo pace, pa 6 Novembala 2006, maiko a ku Ulaya anakhazikitsa muyeso umodzi: botolo liri lonse la zamadzi lisapose mamililita 100, ndiwo monga timasupuni ta tiyi 20, ndipo timabotolo tonse tilowe m'kathumba kamodzi ka pulasitiki koonekera m'kati, ka lita imodzi. Mankhwala a wodwala ndi cakudya ca khanda anazipatula. America anaika muyeso wofanana nao caka comweco, ndipo maiko ambiri a pa dziko lapansi anatsata.

Koma pomwepo panabuka mafunso. Kodi camadzi nciani? Alonda awerengera m'gulu limeneli ciri conse cothirika, copakika kapena cofinyika, monga uci, mafuta odzola ndi mankhwala otsukira mano. Ku America anena poyera kuti ciponde ndico camadzi. Cotero mtedza wokazinga udutsa pa cipata thumba lonse, koma mtedza womwewo ukasinjidwa suloledwa kuposa muyeso. Komweko madzi ouma gwa ndi kuzizira aloledwa, koma akayamba kusungunuka aletsedwa. Botolo lalikuru lokhala ndi timadzi pang'ono pansi pace alilanda, popeza muyeso uli pa botolo, suli pa za m'kati mwace. Ndipo waulendo amene amlanda madzi ace pa cipata apeza sitolo patsogolo pace pomwepo, imene imgulitsa botolo lalikuru koposa lija, nalowa nalo m'ndege wopanda womletsa.

Kusiyana kwakukuru kunadza ndi makina atsopano. Makina akale ounikira katundu aonetsa cithunzi ca mbali imodzi, monga mthunzi wa cinthu pa khoma. Nao mlonda sangathe kuzindikira bwino ngati za m'botolo ziri madzi akumwa kapena mankhwala oopsa. Makina atsopano afanana ndi aja a m'zipatala zazikuru ounikira m'kati mwa thupi: azungulira cikwama, naonetsa za m'kati mwace mbali zonse, nayesanso kuti cinthuco ncotani. Bwalo la Shannon ku Ireland litapeza makina otere linacotsa muyeso wa mamililita 100 m'caka ca 2021. M'Disembala 2022 boma la Britain linalamula mabwalo ace akuru kuti akhale nao pofika Juni 2024, nililonjeza kuti pamenepo aulendo adzalowa ndi mabotolo ofika malita 2. Mabwalo ena ang'ono, monga Teesside ndi London City, anafulumira nayamba kutero m'caka ca 2023. Koma akuru, monga Heathrow, Gatwick ndi Manchester, sanatsirize pa nthawi yace, napatsidwa masiku ena.

Ndipo taonani, pa 9 Juni 2024, m'mwezi womwe uja anthu anayembekeza kumasuka, boma linabweza muyeso wakale pa mabwalo 6 amene anali atausiya kale, ndiwo London City, Teesside, Newcastle, Leeds Bradford, Aberdeen ndi Southend. Cidziwitso cinaturuka patatsala masiku owerengeka okha. Linati palibe ciopsezo catsopano, koma kuti makinawo afunika kukonzedwanso. Pa 1 Septembala 2024 maiko a m'bungwe la European Union anacita comweco. M'Julai 2025 mabwalo a Edinburgh ndi Birmingham analolanso malita 2, pamene mabwalo ena a m'dziko lomwelo anagwirabe mamililita 100. Ndipo m'mwezi womwewo ku Ulaya anamasula mabwalo okhawo okhala ndi makina a mtundu umene unayesedwa ndi kubvomerezedwa. Cotero m'caka cimeneco munthu anakhoza kucoka kwao ndi botolo lace mwa lamulo, nalandidwa lomwelo pobwerera, mwa lamulonso.

Si zamadzi zokha ai. M'Disembala 2001 munthu dzina lace Richard Reid anayesa kuyatsa bomba lobisika m'nsapato yace m'ndege yocoka ku Paris kunka ku Miami. Ndipo kuyambira 2006 kufikira Julai 2025 aulendo a ku America anabvula nsapato pa cipata, pamene pa mabwalo ambiri a ku Ulaya anthu anadutsa cibvalire. Lamulo la ku Ulaya liletsa mpeni umene kuthwa kwace kuposa masentimita 6, koma la ku America liletsa ngakhale kampeni ka m'thumba. M'caka ca 2013 akuru a kumeneko anafuna kulola timipeni tating'ono, koma ogwira nchito m'ndege anakana kolimba, ndipo ganizolo linalekeka. M'caka ca 2017 America analetsa makompyuta a m'manja m'ndege zocoka pa mabwalo 10 a m'maiko 8. Britain naye analetsa, koma anachula maiko 6, ndipo ena a iwo sanali omwewo.

Poona izi anthu agawika pawiri. Ena ati, Lamulo ili ncabe, ndi masewera onyenga nao anthu kuti adziyese osungika. Likadakhala loona likadafanana ponse ponse. Cotero wocenjera alizembe akapeza mpata. Ena ati, Lamulo ndi lamulo. Mvera, usafunse kanthu. Ife tiyesa kuti onse awiri aphonya, ndipo tinena cifukwa cace.

Lamulo liri lonse liri ndi zinthu ziwiri, colinga cace ndi muyeso wace. Colinga ca lamulo ili ndi cakuti cophulika cisalowe m'ndege, ndipo colinga cimeneci sicinasinthe tsiku ndi limodzi lomwe, pa bwalo liri lonse. Muyeso, ndiwo mamililita 100 aja, uli cabe njira imene anthu anaipeza pamene maso ao anali osakwanira. Mlonda wa usiku wopanda nyali atsekera cipata anthu onse, popeza sazindikira mbale ndi mbala; mnzace wokhala ndi nyali atsegulira amene awaona bwino nkhope. Kodi tidzati alonda awiriwa atsutsana? Iai, afuna cinthu cimodzi, koma asiyana maso. Momwemonso bwalo la makina akale ndi bwalo la makina atsopano. Ngakhale sitolo ija ya m'kati mwa cipata iri ndi cifukwa cace, pakuti katundu wace alowa mwa njira yoyang'aniridwa, pamene botolo la waulendo palibe adziwa kumene linadzazidwa. Ndiponso bungwe la maiko loyang'anira za ndege, lochedwa ICAO, limene linabadwa ndi pangano la ku Chicago la 1944, liika maziko onse awatsate, koma dziko liri lonse liri ndi ufulu wa kuonjezapo monga liona ciopsezo cace. Cotero kusiyana pa kokha sikutsimikiza kuti lamulo liri labodza. Ndipo iye amene alizemba cifukwa aona kusiyana aika pa ciswe miyoyo ya anthu mazana amene sanamtume.

Tinenenso ici, cakuti pamene maboma anabweza muyeso wakale m'caka ca 2024 anacita cinthu cimodzi cabwino. Kukadakhala kwapafupi kubisa kuperewera kwa makina amene anagula ndi ndalama zambiri, ndi kukhala cete kuti asacite manyazi. Kubwerera m'mbuyo pamaso pa anthu onse cifukwa waona kuti mlatho sunalimbe kuli bwino koposa kuwaolotsa pamenepo kuti usunge ulemu wako.

Koma tisafulumire kugwirizana ndi aja onena kuti mvera, usafunse. Pakuti ngakhale kusiyana kuli ndi cifukwa, kuli ndi mtengo wace, ndipo tiyenera kufunsa amene aulipira. Bwana woyenda pa ndege mwezi ndi mwezi adziwa cipata ciri conse ndi miyambo yace. Iye sataya kanthu. Wophunzira wokhala ndi intaneti awerenga lamulo asananyamuke. Koma taganizani mai wa kwathu kuno wopita koyamba kukaona mwana wace ku Britain. Ayenera kusintha ndege pa njira, kapena ku Addis Ababa, kapena ku Nairobi, kapena ku Johannesburg, ndipo pa ulendo umodziwo adzera pa zipata zingapo. Anyamula m'manja cimene aciyesa ca mtengo koposa, kabotolo ka ciponde cosinja yekha, popeza aopa kuti kangasweke kunsi kwa ndege. Mwana wace anamlembera kuti lamulo lija linatha, ndipo mwanayo sananame, pakuti pa bwalo la kumene iye akhala linathadi. Maiyo akalandidwa pa cipata cina, pamaso pa khamu la anthu, m'cinenero cimene sacimva bwino, kodi walakwa ciani? Wataya mphatso yace, nacititsidwa manyazi monga wakuba, osati cifukwa anapeputsa lamulo, koma cifukwa anamvera lamulo la cipata cina.

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yonse. Pali zimene mlonda ayenera kubisa, ndipo pali zimene sayenera kubisa. Njira yace ya kufufuza ibisike, nisinthike kawiri kawiri, kuti woipa asaizolowere. Koma cimene waulendo wosalakwa aloledwa kunyamula ciyenera kulengezedwa poyera, monga alengeza mau a mfumu madzulo mudzi wonse ulikumva. Waciwembu ndiye aphunzira malamulo a zipata mosamala koposa anthu onse, pakuti nchito yace ndiyo imeneyo. Lamulo losadziwika bwino silimgwira iye, ligwira nkhalamba ndi mlendo. Msampha wocherera nyani m'munda ukagwira mbuzi ya mnansi tsiku ndi tsiku, mwini msampha sangati, Mbuzi ndiyo yopusa. Ayenera kuonanso pamene anauchera.

Wina wolipira mtengo ndiye mlonda mwini wace. Iye sanapange lamulo, sanagule makina, sanasankhe tsiku la kusintha. Koma mkwiyo wonse wa aulendo ugwera pa nkhope yace. Ku America alemba poyera kuti liu lotsiriza pa cinthu ciri conse liri ndi mlonda wa pa cipata. Mphamvu yotere iri ndi ubwino wace, pakuti palibe lamulo lingachule zinthu zonse za m'zikwama za anthu, ndipo mlonda wanzeru akhoza kucitira cifundo wodwala. Koma pamene lamulo liri losamveka, mphamvu yomweyo itsegula khomo la tsankhu, kuti wobvala bwino adutse, ndi wooneka wosauka aimitsidwe. Lamulo lomveka lisunga waulendo kwa mlonda woipa, nilisunganso mlonda wabwino kwa waulendo waukali.

Mtengo wacitatu ndiwo woposa yonse, ngakhale suoneka msanga. Lamulo losintha kopanda kufotokoza liphunzitsa anthu kupeputsa malamulo onse. Tidziwa za mwana amene atate wace amletsa cinthu cimene amai wace amlola, ndipo palibe mmodzi wa iwo amuuza cifukwa: mwanayo saphunzira kusiyanitsa cabwino ndi coipa, aphunzira cabe kuona amene ali pakhomo. Momwemonso waulendo amene walandidwa mafuta odzola katatu, naloledwa katatu, ayamba kuyesa malamulo onse a ndege opanda pace. Ndipo pakati pa malamulowo alipo ena osunga moyo ndithu. Mabatire apadera a mafoni ndi a makompyuta aletsedwa m'sutikesi ya kunsi kwa ndege, nayenera kukhala m'manja, cifukwa akhoza kuyaka okha, ndipo moto wa pakati pa anthu uoneka msanga nuzimidwa, koma wa kunsi ubvuta kuufikira. Munthu amene anazolowera kunena kuti zonsezi nzacabe adzaponya batire lace m'sutikesi wosaganiza. Cotero woika lamulo mosasamala aononga cuma cimene sangathe kucigula ndi ndalama, ndico cikhulupiriro ca anthu.

Tsono tiyankha bwanji funso lathu? Titi, inde, lamulo losiyana pa cipata ndi cipata tiyenera kulimvera, malinga colinga cace ciri cabwino ndipo cimene litilanda ciri cacing'ono pociyerekeza ndi cimene lisunga. Botolo la madzi silifanana ndi moyo wa munthu. Koma mangawa a woika lamulo ali akuru koposa a womvera, ndipo tiona atatu. Oyamba, anene cifukwa cace monga momwe angathe wosaulula zinsinsi za ulonda. Anthu asenza katundu wolemera mokondwa akadziwa kumene alikunka naye. Aciwiri, acenjeze nthawi ikalipo, ndipo agwirizane ndi anzace a zipata zina asanasinthe. Akuru anati, Nkhanga zinapangana kusanapse. Acitatu, pamene kusiyana sikungalephereke, asaike kulemera kwace konse pa wosadziwa, koma ampatse njira ya kupulumutsa cinthu cace, monga kucibwezera ku katundu wa kunsi kumene kuli kotheka, ndipo amlankhule monga munthu wosokera, osati monga wogwidwa. Iye amene alakwira lamulo limene sanathe kulidziwa alibe mlandu pa mtima wace, ngakhale ataya botolo lace. Mlandu uli pa amene anali ndi mphamvu ya kumdziwitsa, nanyalanyaza.

Waulendo nayenso ali ndi mbali yace. Afunse asananyamuke za bwalo liri lonse limene adzadzerapo, popita ndi pobwera pomwe, pakuti safunsa anadya phula. Akakayika, atsate muyeso wocepa, naike ciponde, uci ndi mafuta m'sutikesi ya kunsi, atafunsanso ngati dziko limene ankako lilola zakudya zotere kulowa. Mankhwala ace akhale nao m'manja pamodzi ndi kalata ya kucipatala, nawaonetse yekha asanamfunse. Akalandidwa kanthu, asatukwane mlonda. Dandaulo lace alipereke kwa akuru a bwalo, amene ali ndi mphamvu ya kukonza. Kumvera ndi kufunsa sizidana: munthu akhoza kutaya botolo lace mofatsa pa cipata, nalemba kalata yolimba m'mawa mwace. Ndipo ife okhala ndi abale odziwa kuwerenga ndi osadziwa, tikumbuke kuti wodziwa ali ndi ngongole kwa wosadziwa. Tisamuuze za cipata cimodzi monga ngati tanena za zonse.

Potsiriza, abale, tisaloze maiko akutali ndi kuiwala zipata zathu. Mphunzitsi amene alanga lero cimene anaseka naco dzulo, kholo limene lilola mwana wina cimene liletsa mnzace, nyakwawa imene igawa mlandu umodzi mosiyana monga aliri maonekedwe a oimbidwa, onsewa alikucita cimene tirikudandaula naco pa mabwalo a ndege. Nthawi zina kusiyanako kuli ndi cifukwa coona, pakuti mwana wa zaka 5 ndi wa zaka 15 sayesedwa muyeso umodzi. Ngati cifukwa ciripo, ticinene, kuti womvera adziwe kuti sitirikumsewera. Ngati palibe, tisinthe lamulo lathu lisanaphunzitse ana athu kuti comwe cifunika ndi kudziwa mlonda amene ali pa cipata tsiku limenelo.